Fumbi Loima Pamzere

Ine nimakamba maningi. Ku Kanyama aliyense wamene anidziwa angakuuzeni, na kondakitala wa minibasi ananiuzako tsiku lina ati mlongo, tafika, vinangu mukakambe mawa. Amai banali kukamba kuti ninabadwa na wailesi m'mimba, ndipo pamene ninapeza foni banati manje wailesi yapeza mlongoti. Sukulu ninalekera mu Giledi 10. Vonse vamene nidziwa kuchokera apo ninaviphunzira pa foni ya sikirini yong'aluka pakona, ndiye mukanimva nikamba va sayansi musaganize kuti pali pepala lililonse m'nyumba mwathu.

Amai banali kuphwanya miyala m'mbali mwa mseu wopita ku migodi yakale. Pali chipupa chachitali cha yadi ya malole, mseu ubwera nacho kuchokera m'komboni, ndiye ukhota pakona. Bazimai khumi na banai banali kukhala pamzere kutsatira chipupa chija, aliyense na mulu wake, hamala yake, na mphira ya tayala yozungulira yamene uikamo mwala kuti usathawe ukaumenya. Pakati pa mzimai na mnzake panali mapazi asanu. Palibe wamene anapimapo na tepi. Ukasendera pafupi, tumiyala twako tumulasa mnzako m'maso. Ukapita patali, botolo ya madzi siifika. Ndiye aliyense anali kukhala pamene akhala.

Malo a amai anali pakona penipeni. Ba kumtunda baona mseu wochokera m'komboni, ba kumunsi sibauona, baona chabe wa pakona. Pakona ni pamenenso malole amachepetsa liwiro, mulu wako ndiwo uyamba kuoneka. Amai banagwira kona ija ine nikali kumsana kwawo.

Malamulo anali awiri. Loyamba, malo akakhala masiku atatu osamveka hamala, batseka, mzere usendera, wamene anali kudikira alowa kumapeto. Lachiwiri, mnzako akaika hamala pansi, naiwe uika. Sufunsa. Pa phokoso lija sungaitane munthu, ndiye mwala ukalasa wina m'diso, kapena maliro akamabwera mumseu, woyamba kuona aika hamala, wotsatira aona naye aika, mpaka kumapeto. Chifukwa chake chibwera pambuyo, wina apendeka kuuza mnzake, mnzake apendeka kuuza winanso.

Chifuwa cha amai chinayamba kale, koma chaka chija nthawi yozizira chinasintha mawu. Ku kiliniki banabapatsa mapilisi, sivinathandize, ndiye banati bapite ku chipatala chachikulu bakagone. Amai bang'ono, mng'ono wawo wa ku Chawama, ndiwo banati bazakhala nawo pabedi. M'mawa wamene tinali kudikira takisi, amai banali khale pa ndowa yovundikira, banagwira hamala yawo nonipatsa. Beve sibanasiye Chichewa cha ku Katete ngakhale banakhala zaka vonse vija mu Lusaka.

"Undisungire malo," banati. "Sindikuti udzaze wilibala, ayi. Hamala izingomveka."

Ninati amai, ine manja aya ni a sikirini.

"Akhala a mwala sabata ziwiri. Koma usawazolowere malowo. Ndi anga, ndibweranso."

Tsiku lomwelo masana ninakhala pakhomo nolemba mu foni, mu Chizungu changa cha mu Giledi 10, kufunsa va fumbi m'chifuwa. Vinabwera vithunzi va mapapo akuda monga siponji ya mapoto. Ninapitiriza chala mwamsanga, kutsika, kutsika, osafuna kuwerenga, mpaka ninafika pa vidiyo ya tumadontho toyera pa mdima. Nayonso inali ya fumbi, koma fumbi linangu.

Lekani nikuuzeni, chifukwa ichi nichikonda kuchikamba. Kuli banthu bamene bali na kabokosi ka chitsulo ka mawindo. Batulutsamo mpweya pafupifupi onse, basiyamo pang'ono, ndiye balowetsa malaiti mpaka mpweya wotsala uja uyamba kuwala monga chubu ya mu babashopu. Mpweya wowala uja bautcha pulazima. Manje bawazamo tufumbi, tung'ono kuposa ufa wosefa. Tufumbi tuja situgwa pansi. Kalikonse katenga chaji, monga chipeso ukachikwecha m'tsitsi, ndiye tulenjekeka m'mwamba popanda chotugwira. Popeza chaji yawo ni imodzimodzi, tukankhana. Kuthawa situngathawe, m'mbali muli mphamvu yotubweza pakati. Ndiye tupeza pokhala: kalikonse kaima patali pofanana na kanzake, kazunguliridwa na tunzake sikisi, monga chisa cha njuchi. Tukaima motero bati ni kirisitalo, monga mchere, koma uyu ungauone na kamera kamodzi kamodzi.

Apa ndiye pamene ninaiwala kuti nili pakhomo. Batenga muuni woonda, wonga wa katochi kofiira ka pa makiyi koma wamphamvu, bakankha nawo mzere umodzi. Tufumbi tuja tusendera, situgunda tunzake, koma tunzake tumva, natonso tusendera, notipatsira totsatira. Funde lipita kuchokera mbali iyi kufika mbali ina, ndipo kalikonse kabwerera pamalo pake. Fumbi silipita kulikonse. Chamene chiyenda ni kukankha chabe. Mafunde ake ni awiri: lina lipanikiza kutsogolo, lothamanga, lina ligwedeza cham'mbali, ilo libwera pang'onopang'ono. Onse amafooka akamapita, chifukwa mpweya uja utugwiragwira.

Ninaionera kasanu. Bandulo inatha, ninakagula ina. Va mapapo sininabwererekonso.

Pamzere kumanzere kwanga, kumtunda, kunali mzimai wa Chibemba wa ku Kasama, wa zaka monga va amai. Ife ba kum'mawa na Babemba ndise ba chimbuya, titukwanana mwamene tifunira palibe mlandu, beve bati timadya mbewa, ise titi badya anyani, ndiye ninali kubaitana ba mbuya, beve baniitana mwaiche, ndiye kuti mwana. Kumanja kwanga, kumunsi, kunali ba anti ba Chiyao, Bachisilamu, makolo awo banachokera ku Malawi kale. Beve sibanali kukamba, banali kumanga mpango mpaka pamphuno nomenya chabe. Koyambirira kwa mzere kunali ba cheyaledi, bamene banali kuweruza va malo.

Ba mbuya bananiyangana tsiku loyamba nikumenya mwala, mwala uthawa, nimenya mphira.

"Mwaiche, iyo si mbewa. Siumenya pamutu kamodzi nowotcha."

Ninati ba mbuya, imwe munaphunzirira pa mitu ya anyani, ni yolimba, ise tikali kuphunzira.

"Pakamwa ndiye uli napo. Uyangane msempha wa mwala, apo pali mzere woyera. Menya apo. Anyoko sibanakuuze?"

"Bananiuza kuti nisunge hamala, pafupi pali Mubemba."

Banaseka mpaka kutsokomola. Bonse pamzere paja banali kutsokomola, aliyense na katsokomoledwe kake.

Tsiku lachitatu kunabwera kamwana ka wina kumtunda kali na bala pa phazi, mahamala anaima. Ninaona mwamene vinachitikira: ba cheyaledi, wachiwiri, wachitatu, mpaka ba mbuya, ine, ba anti, kukhota kona kutsika. Pambuyo pake mitu inayamba kupendeka, mawu anabwera mochedwa, ati ni botolo yosweka chabe. Ninatsala pang'ono kukuwa. Ninati ba mbuya, imwe ndimwe fumbi. Banati nitukwane bwino, iyo siimveka. Ninabafotokozera vonse, kabokosi, chaji, mafunde awiri, ninakamba mpaka dzuwa linafika pamutu. Pothera banati, "Manje baja bazungu, fumbi yawo bagulitsa zingati pa wilibala?"

Pa Sande ninapita kuchipatala nthawi yoona odwala. Amai banali na kapaipi pamphuno, manja awo anali atayera, fumbi yonse itachoka, sininawazindikire bwino. Amai bang'ono banali kusenda lalanje lamene palibe anadya. Sininadziwe chofunsa munthu wodwala, ndiye ninatulutsa foni nobaonetsa tumadontho tuja. Ninakamba, ninakamba. Mzimai wa pabedi ina naye anatembenuka kumvetsera. Amai banayangana nthawi yaitali.

"Ndiye lawolo limaima pamzere," banati. "Langali langogona."

Banapuma pang'ono, kenaka banafunsa ngati hamala imveka. Ninati imveka tsiku lililonse.

"Nanga kafumbi kamodzi kakachoka zimatha bwanji?"

Ninati sininafike apo, nizayangana. Pobwerera mu minibasi ninayangana. Pakasoweka kamodzi, funde likafika pa mpata uja limwazika, silipita bwino. Ndipo nthawi zina tunzake tusendera pang'onopang'ono, mpata uyenda uyenda mpaka utulukira kumapeto. Sininabauze.

Sabata ziwiri zinakhala zinai. Manja anatupa, anaphulika, anauma. Kumenya miyala kulibe chovuta ukazolowera, chovuta ni mutu, ulibe pokhala. Ndiye ninapeza njira. Ninali kuika foni mu pulasitiki ya shuga kuti fumbi isalowe, noitsamiritsa pa mwala kutsogolo kwanga, mahedifoni m'makutu pansi pa duku. Ninapeza mdala wina wa magalasi wamene anali kuphunzitsa va mafunde aja kwa ola lathunthu, Chizungu chake chovuta, ninali kubweza kumbuyo mphindi iliyonse. Maso pa mwala, maso pa sikirini, maso pa mwala. Kumanzere sininali kuyanganako.

Linali Lachinai, cha m'ma 10 koloko. Mdala uja anali kuonetsa mwamene bapimira liwiro la funde lochedwa, ndipo kanali koyamba kuti nimvetse. Ninali kumenya nomwetulira nekha. Chamene chinanidzutsa ni mthunzi wa lole pa mulu wanga. Ninakweza mutu. Lole ya maliro inali pakona penipeni, iyenda pang'onopang'ono, bokosi pakati, bazimai ba yunifomu ya mpingo bali kuimba. Bonse banali kuyangana ine. Kumtunda konse mahamala anali pansi, bazimai bataimirira manja kumbuyo. Kumunsi konse, kuyambira ba anti mpaka kumapeto, banali kumenya, fumbi ili tolotolo, chifukwa banali kuona ine nimenya.

Ninachotsa mahedifoni. Nyimbo inamveka, na mahamala kumunsi akuima mosokonezeka, uyu waima, uyu akali, monga mvula ikamatha pa malata.

Womwalira anali mzimai wamene anaphwanyapo miyala pa mzere womwewo zaka zambiri. Banja linapempha dala kuti lole idzere njira ija kuti banzake bamulaire.

Ba mbuya bananiuza pambuyo pake kuti banaponya tumiyala tuwiri pa mulu wanga, sininamve. Kuchoka pamalo kubwera kuzanigwedeza sibakanatha, maliro ali kale pamaso.

Ba cheyaledi sibanakuwe. Banadikira lole ipite, banabwera noimirira kutsogolo kwa mulu wanga. Ba anti banali kuyangana pansi, mpango uli m'manja. Sininabaonepo nkhope yonse mpaka tsiku lija.

"Pakona sitiikapo munthu wopanda maso," ba cheyaledi banati. "Banzako seveni bachita manyazi chifukwa cha iwe. Mawa ba Kasama basendera apa, malo aya tatseka."

Ine ninakhala pamene ninali, mahedifoni m'manja. Ninali kuganiza chabe kuti Sande nizanena chani bakanifunsa va hamala. Ngakhale mantha sininawamve, ninali kuona fumbi pa nsapato za ba cheyaledi, imodzi inali na lamba wa waya.

Ba mbuya ndiwo banakamba.

"Ba cheya, ine pakona sinifunapo. Panunkha mbewa. Zaka vonse ivi nipirira fungo kuchokera apa, manje mufuna nikhalemo?"

Wina anaseka kumunsi nodzigwira.

"Mwana alibe mlandu, mlandu uli na aka." Banatola foni yanga na pulasitiki yake. "Aka kazikhala na ine kuyambira m'mawa mpaka tikomboke madzulo. Kakalakwa futi, mutseke malo awiri, ake na anga."

Ba cheyaledi banayangana ba anti. Ba anti banamanganso mpango, banati, "Malo ni a amake. Amake sibanalakwe." Ndiwo mawu ambiri amene ninabamvapo.

Vinakhala tero. M'mawa uliwonse ninali kuzima foni nopereka, ba mbuya baimanga pa mfundo ya chitenje pamodzi na fodya wawo wa pamphuno. Bati, "Bwera naye mwamuna wako, nikusungire." Ninati mukamugulitsa ku Kamwala nizadziwa. Bati uyu wong'aluka nkhope palibe angagule.

Masiku amene anatsatira siniwakumbuka limodzi limodzi. Ninali kumenya noyangana kumanzere. Dzanja la ba mbuya likwera, litsika. Ninafika podziwa kuti batopa basanadziwe beve. Ninaleka kukamba, osati chifukwa cha kukwiya, mawu chabe sanali kubwera. Pa Sande ninali kupita kuchipatala, amai bafunsa va hamala, niti imveka. Va maliro aja sininabauze, koma niganiza banamva, chifukwa tsiku lina banati, "Pakona pamafuna khosi," nogona. Vidiyo ya tumadontho banaipemphanso kamodzi. Banaionera, chala chawo chili pa sikirini pamene pang'aluka.

Tsiku lija linali Lachiwiri, mwezi wa mphepo, masana dzuwa litapendeka pang'ono. Ninali nitangothira miyala mu mphira. Kumtunda phokoso linachepa. Ninayangana. Ba cheyaledi banali na kafoni kawo ka mabatani pakhutu, hamala ili pansi. Wachiwiri anaika. Wachitatu. Wachinai anamenyanso kamodzi noika. Wachisanu. Ba mbuya. Ine ninaika yanga bwinobwino, noyangana kumanja kuona kuti ba anti baona. Banaona. Chete anakhota kona notsika mpaka kumapeto, osaduka paliponse. Nikumbuka kuti ninaganiza kuti apa ndiye tachita bwino.

Mumseu munalibe lole. Munalibe mwana wa bala. Munali chabe munthu wa njinga ya makala.

Ndiye linayamba funde lochedwa lija, la mawu. Ba cheyaledi banapendeka kwa wachiwiri. Wachiwiri anamva, anayangana kuno, noyangana pansi, kenaka anapendeka kwa wachitatu. Wachitatu naye anayangana kuno. Ninali kuwerenga. Ninadziwa pa wachiwiri pomwe, koma ninapitiriza kuwerenga, atatu, anai, asanu, nodabwa kuti aliyense atenga nthawi yofanana. Wachisanu anapendeka kwa ba mbuya. Ba mbuya banamva, sibanapendeke. Banakhala chabe, manja pa maondo. Kenaka banamasula mfundo ya chitenje, banatulutsa foni yanga mu pulasitiki, banaipukuta na chala, banayenda mapazi asanu aja nonipatsa m'manja.

Ninaiyatsa. Imatenga nthawi kuyaka, foni ija. Tonse tinadikira. Amai bang'ono banali bataniitana kasanu na kawiri kuyambira m'mawa. Pa mauthenga panali umodzi wa 9 koloko: bwera manje bakufuna.

Ninafunsa ba mbuya ngati nisiye hamala apa kapena nipite nayo. Banati siya. Ninafunsanso ngati miyala ya mu mphira niikhuthule. Banati mwaiche, tiye.

Pamaliro sininalire. Tinatulutsa mipando panja, bazimai banadzaza m'nyumba, ine ninali kuchajira banthu mafoni nobauza kwamene kuli chimbudzi. Ba kumudzi bakafika pageti noyamba kulira, kulira kunali kulowa m'nyumba kuchokera pakhomo kupita kukona, ine ninali kuona mwamene kuyendera. Amai bang'ono bananiuza kuti m'mawa uja amai banafunsa za ine kawiri, kachitatu banati musiyeni, ali pa malo. Ninati oho. Ninabwerera kukachaja mafoni.

Tsiku loika, kumanda, ba chimbuya banachita vawo. Bamakupaka ufa kapena paudala kumaso nokuseka kuti usaume na chisoni. Ba mbuya sibanabwere na ufa. Banabwera na fumbi ya pa mulu wa amai mu pulasitiki ya shuga ija. Bananipaka pamphumi, m'masaya, m'tsitsi.

"Nayi sayansi yako," banati. "Iuze iime pamzere tione."

Banthu banaseka. Beve banali kuseka misozi ili kutsika, inapanga tinjira pa fumbi ya kumaso kwawo. Ine ninaimirira chabe mpaka banatsiriza. Fumbi inalowa m'kamwa, inali kukukutika m'mano njira yonse yobwerera.

Masiku a maliro sibawerenga pa lamulo la masiku atatu. Ninabwerera pamzere Lolemba lotsatira m'mawa. Hamala inali pamene ninaisiya, wina anali ataivundikira na saka. Miyala inali ikali mu mphira. Ninakhala pansi, ninazima foni, ninatambasula dzanja kupatsa ba mbuya. Sibanalandire.

Ba cheyaledi banabwera, ulendo uno banagwada pansi kuti tilingane.

"Sitikuthamangitsa," banati. "Mwana wa mnzathu akafuna malo a amake, atenga. Wagwira bwino masiku aya. Koma utiuze lero, chifukwa pali wina adikira. Ukhala kapena titseke?"

Ninayangana mulu. Unali waukulu kuposa mwamene amai banausiyira, miyala yanga inali itayamba kufanana kukula. Manja sanali kuwawanso. Kunyumba kunalibe chonidikira. Nikanati nikhala, palibe akananiseka, ndipo niganiza nikanakhala mpaka lero na katsokomoledwe kanga.

Ninati bananiuza kuti nibasungire chabe.

"Ndiye?"

Ninati bananiuza kuti nisazolowere.

Ba cheyaledi banagwedeza mutu. Ninakhuthula miyala ya mu mphira pa mulu, ninanyamula mphira, ninaikoleka paphewa. Mulu banati bazanigulitsira. Ninaoloka mseu noimirira pafupi na kantemba, kasitolo ka m'mbali mwa mseu, chifukwa sininadziwe ngati munthu ayenera kupita pamenepo kapena kudikira.

Kwa kanthawi palibe anasuntha. Pakona panali bwalo loyera pamene mphira inali kukhala. Ba mbuya banati beve banakamba kale, pa mbewa sibakhalapo. Ndiye ba anti ndiwo banayamba. Banakoka mphira yawo mapazi asanu kukwera, banabwerera kukatenga hamala na botolo, kenaka banayamba kukokolola mulu wawo na fosholo. Pamene banachoka panatsala mpata. Wotsatira anadikira kuti batsirize, naye anakoka yake. Mpata unatsika, malo amodzi, malo ena, kutsatira chipupa. Mulu suusuntha msanga, vinatenga m'mawa wonse. Foni inali m'thumba, ninaganiza vojambula, sininaitulutse. Cha m'ma 12 mpata unafika kumapeto, pafupi na ngalande, ndipo mzimai wina wamene sinimudziwa, wa mwana kumsana, anaikapo mphira yake.

Ba mbuya banakweza mutu noniona nikali paja.

"Ukali pano? Pita ukachaje mwamuna wako. Ukapeza baja ba kabokosi ubauze kuno fumbi ni yaulere, babwere na wilibala."

Ninati nizabauza kuti basunge vikwama, pali Mubemba.

"Wayambanso kukamba," banati, nomenya mwala.

Ninanyamuka na hamala m'dzanja, mphira paphewa. Kumbuyo mahamala onse anali kumveka, khumi na anai. Ninayenda pang'onopang'ono mpaka pa mpope wa madzi, nikumvetsera ngati ningadziwe ya pakona ni iti. Sininaidziwe. Pa mpope ninaima, ninatsuka fumbi m'manja, noyatsa foni.